Ulusi Woyera wa Che Mahmudu

Mukatsika minibasi pa Balaka n'kulunjika cha ku siteshoni ya sitima, mudzapeza anyamata a kabaza atandanda pansi pa mtengo wa mango. Pambali pawo pamakhala mdala wa ndevu zaimvi womata matayala, ndipo ntchito ikati zii amatulutsa mpukutu wa ulusi n'kuyamba kuluka. Ameneyo ndi Che Mahmudu. Anyamatawo, pokhala a pakamwa posatseka, amawatcha amayi a bungwe, ndipo tsiku silipita asanawafunse kuti chitenje achiiwala kuti. Iwo amangoseka, maso ali pa ulusi. Koma mukapita mwezi wa Meyi simuwapeza, ndipo mukafunsa anyamatawo amakuuzani kuti amayi apita kukayeza mutu.

Kuluka sanakuyambe dzana. Kwawo ndi ku Ngokwe, ndipo ali mnyamata ankakhala pa mkeka ndi malume awo, amene ankaluka kofiya, tizipewa toyera timene amuna amavala popita ku mzikiti. Malumewo ndiwo anawaphunzitsa kudula sipoko ya njinga, kuinola ndi tupa, n'kupinda nsonga yake kuti ikhale kangowe kokokera ulusi. Anawaphunzitsanso kuti kofiya yabwino ndi yoyera mbee, yolukidwa mothina, yoti ukaiika pansi iziima yokha.

Atakula anakakwatira ku Nselema, kwa mkazi wofatsa dzina lake Asiya. Anakhala mkamwini wosadandaulitsa. Anaumba njerwa, anamanga nyumba ya khonde lalikulu, analima thonje, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Fauziya. Asiya atamwalira, sadaka itatha, akuchikazi anakhala pansi n'kuwasudzula mwaulemu wonse. Palibe anawathamangitsa, tisawanamizire. Mwambo umenewu suthamangitsa munthu, umangomutsegulira chitseko n'kumamuyang'ana. Anamanga mkeka ndi zovala pa njinga, kangowe kaja m'thumba la malaya, n'kubwera ku Balaka kudzapalasa kabaza. Fauziya anatsala, poti mwana kwawo ndi kwa amake.

Ku Balaka kangoweko kanachita dzimbiri. Kofiya za m'sitolo zinali mbwee, zamaluwamaluwa, ndipo panalibe wofuna kudikira mdala kuti aluke.

Kenaka kunabwera foni ija imene kholo lililonse limaiopa. Fauziya anali atakwatiwa ndi mnyamata amene anapita ku Joni n'kungoti zii ngati wagwera m'chitsime. Anabereka mwana wamkazi, koma iye mwini sanadzukenso bwino, ndipo patangopita masiku ochepa anatsikira kuli chete. Che Mahmudu anathamanga, Liwonde, Ntaja, minibasi ikuima paliponse pamene munthu wakweza mkono. Asilamu sagoneka maliro. Pamene ankafika ku Nselema, amuna anali akubwerera kuchokera ku manda. Mwana wawo sanamuone. Anangoona kakhanda m'manja mwa Abiti Sadiki, mkulu wake wa malemu Asiya, kamutu kake kosaposa lalanje. Anakatcha Amira.

Atabwerera ku Balaka anasowa mtendere. Mdzukuluyo anali ndi eni ake, iwo ankadziwa, ndipo mkamwini wosudzulidwa alibe mawu pa mbumba ya eni. Koma magazi awo onse padziko anali atatsala m'kamwana kameneko, ndipo ankaopa chinthu chimodzi: kuti kadzakula osadziwa n'komwe kuti kuli agogo ake aamuna. Chuma choti n'kuonekera nacho analibe. Anali ndi manja basi. Anapala dzimbiri pa kangowe kaja, anagula ulusi, n'kuyamba kuluka bulangeti. Analuka monga momwe malume awo anawaphunzitsira, loyera mbee, lothina bwino, poti kwa iwo chinthu chaulemu chinali chotero.

Atamaliza ananyamuka nalo mtima uli m'mwamba. Anapeza Abiti Sadiki ali pa khonde lomwe lija anamanga iwo, khanda lili pa miyendo. Atalonjerana, anamasula jumbo n'kutambasula bulangetilo. Nkhope ya mayiyo inasintha nthawi yomweyo. Anakumbatira mwanayo n'kutembenukira kukhoma.

"Alamu, chotsani chimenecho," anatero. "Manja anga omwewa anasambitsa amake n'kuwakulunga mu nsanda. Lero mukuti ndikulungenso mwanayu m'choyera? Iyayi, pindani."

Che Mahmudu anapinda. Sanakwiye, anachita manyazi, manyazi oti munthu umalakalaka nthaka itang'ambika. Iwo amene anakula akuona nsanda yoyera pa maliro aliwonse, zinawadutsa bwanji m'mutu? Mayiyo anakana mtundu wa ulusi, koma iwo anamva ngati wakana iwowo. Anatsanzika madzi akumwa asanafike, ndipo ku Nselema sanapondekonso.

Bulangeti lija analipinda kanayi n'kuliyala pa mpando wa kabaza, kuti bola lizikhalidwa ndi anthu. Tsiku lina anakweza mayi wina wonenepa, wolankhula ngati wailesi, amene ananyamula thumba la majuzi akale kuchokera pa kaunjika. Anali mayi Scholastica, mphunzitsi wopuma ntchito. Atatsika sanapite. Anagwiragwira bulangetilo, analitembenuza, n'kufunsa kuti analuka ndi akazi awo kodi. Atamva kuti ndi iwo eni, anawayang'ana kuchokera ku ndevu mpaka ku mapazi, n'kuwauza kuti Lachitatu masana abwere kunyumba kwake, ndipo asayerekeze kunena kuti atanganidwa.

Kumeneko anapeza amayi atakhala pa mphasa, ena ovala mipango ya Chisilamu, ena makolona m'khosi, onse akuluka. Ankalukira ana amasiye, makamaka makanda amene amawo anamwalira pobereka, amene nyengo yozizira imawapeza atakulungidwa m'kachitenje kong'ambika ka agogo awo. Ulusi wa m'sitolo sakanaukwanitsa. Ankamasula majuzi a pa kaunjika, ulusiwo n'kuunyika m'madzi otentha, n'kuuyanika atamangirira mwala kumunsi kuti makwinya awongoke. Aliyense ankaluka tizigamba take, kenaka n'kutilumikiza kukhala bulangeti, motero panalibe bulangeti loti munthu n'kuloza kuti ili ndi langa.

Anawapatsa ntchito ya zipewa. Sabata yotsatira anabwera nazo zitatu, akuyenda monyadira, n'kuziika pa mphasa. Zinaima zokha. Amayi aja anayang'anizana, mmodzi anatsokomola, kenaka onse anaphulika chikhakhali mpaka ena kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Zinali kofiya zenizeni, zazing'ono chabe, zolimba ngati mbale, zongokhala pa liwombo.

"Che Mahmudu, khanda silipita ku mapemphero a Juma," anatero mayi Scholastica atapezako mpweya. "Makutu aphimbike. Ndipo manja anuwo mufewetse, mukuluka ngati mukumanga mbuzi."

Anaseka nawo, ngakhale kuti mumtima zinawawawa. Kufewetsa manja kunawavuta kuposa kupalasa katundu pa chitunda. Zala zimene zinazolowera kukoka zinayenera kuphunzira kulekerera, ndipo anamasula zipewa zambiri asanaluke chimodzi choti mayi Scholastica n'kuchiika patsaya n'kugwedeza mutu. Anaphunziranso mitundu, yofiira, yachikasu, yobiriwira, imene kale ankaiona ngati yachibwana. Nawonso anali ndi chawo chopereka: amayi onse aja lero amalukira tingowe ta masipoko tonoledwa ndi tupa wawo. Ndipo tsiku lina ulusi wolumikizira tizigamba utatha, anachotsa bulangeti loyera lija pa kabaza, analichapa, n'kulimasula lonse. Kwa nthawi yaitali bulangeti lililonse lochoka pa mphasa imeneyo linali ndi timizere toyera pakati pa tizigamba tamitundumitundu.

Zaka zinapita. Mawondo anakana kabaza, iwo n'kuyamba kumata matayala pansi pa mango uja. Zipewa zawo zinafika m'midzi imene iwo sanafikeko. Koma tsiku lokagawa likafika, nthawi zonse ankapeza chifukwa chotsalira: mwina chimfine, mwina kasitomala wasiya njinga. Mayi Scholastica si munthu wopusitsika. Anawapanikiza mpaka anafotokoza zonse, za Fauziya, za khonde, za nsanda. Anaulula kuti chipewa chilichonse chimene amaluka amayezera kamutu ka Amira, ndipo sangapirire kuona makanda ena atavala.

Mayiyo sanawasisite. Anawauza kuti afunditsa ana a eni Balaka yense pamene wawo sakudziwa n'komwe ngati akugona chofunda, ndipo kumeneko si kudzichepetsa koma mantha. Anati mayi wa ku Nselema uja anali ndi chisoni chosaphwa, ndipo munthu wolira samufunsa kuti asankhe mawu. Anawapatsa mpukutu wofiira ndi wachikasu, n'kuwauza kuti asabwerenso Lachitatu asanapite ku Nselema.

Che Mahmudu analuka chipewa chofewa kuposa zonse, chophimba makutu, chokhala ndi kampira pamwamba. Meyi ali pakati, mphepo yozizira itayamba, anakwera minibasi. Njira yonse ankangoganiza zoti akatsike pa Ntaja n'kubwerera.

Abiti Sadiki anali akutongola chimanga pa khonde, atakalamba ndithu. Anawayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anayala mkeka. Sanafunse za zaka zonsezo, iwonso sanayambe. Anakamba za mvula, za mtengo wa thonje, za anthu amene anamwalira. Potsiriza Che Mahmudu anatulutsa chipewa chija ndi manja awiri. Mayiyo anachilandira, anachifinya m'dzanja, anachiika patsaya. Kenaka anaitana dzina la mwana.

Kuseri kwa nyumba kunatulukira kamtsikana kothamanga, mapazi ali mbuu, nkhope yake Fauziya yemwe. M'mutu mwa Che Mahmudu, Amira anali adakali khanda la kamutu ka lalanje, ndipo zaka zonsezi sanaganizepo kuti mwana amakula. Abiti Sadiki anayesa kumuveka chipewacho. Chinangokhala pamwamba pa tsitsi, osafika n'komwe ku makutu, kenaka n'kugwa pansi. Mwanayo anaseka. Iwo anafuna kuseka naye koma analephera, poti anaona kuti alakwitsanso kachiwiri, pa khonde lomwelo. Anatola chipewacho n'kuyamba kuchibwezera mu jumbo.

"Mukupita nacho kuti?" anafunsa Abiti Sadiki. "Kangowe kanu mwasiya ku Balaka?"

Anayankha kuti kali m'thumba, ndi ulusi wotsala womwe.

"Ndiye masulani muyambirenso. Mutu wake ndi uwu, yezani." Anakoka mwanayo pa mkono n'kumuimika patsogolo pawo. "Amira, awa ndi ambuje ako, bambo a amako. Nyumba ino anamanga ndi iwowa. Tambasula manja uwagwirire ulusi."

Mwanayo anatambasula timanja tiwiri, ndipo iwo anayamba kumasula chipewa chija, ulusi wofiira n'kumaukulunga pa timanjato. Anazunguliza kachingwe pa mutu wake kuti ayeze, misozi ikutsikira m'ndevu osaibisa. Amira anafunsa ngati agogo akudwala maso. Abiti Sadiki anamuuza kuti aime bwino asiye mafunso, koma nayenso anali atatembenukira ku chimanga chake kwa nthawi yaitali kuposa mmene chinkafunikira.

Munthu amene amamaliza chipewa masana amodzi, ichi chinamutengera masiku, ndipo panalibe amene anawafulumizitsa. Tsiku lonyamuka, Amira atavala chipewa chake dzuwa likuswa mtengo n'kukana kuvula, Abiti Sadiki anawaperekeza mpaka pamsewu, atawanyamulira kathumba ka mtedza.

"Paja mutu wa mwana umakula, alamu," anatero minibasi ikuima. "Chaka chamawa ichi chidzamuthina. Muzibwera kudzayeza."