Alamu afufuta malipenga a adada

Mwatandala uli nonse. Ine kuno mutu waima.

Paja Loweruka ndine DJ pa ukwati wa mlongo wathu Tamara. M'mawa uno alamu a Mhone, amuna a mlongo wathu Esnati, anabwera ku shopu kwanga kudoko. Atamvera nyimbo za mu laputopu, anati zikumveka ngati zili m'chitini, pa masipika akuluakulu ndikachita manyazi. Akuti pulogalamu yanga ya u-DJ imatha kupeza nyimbo zomwezo koma zomveka bwino, n'kuziika m'malo mwa zakalezo. Ndinawasiyira laputopu, ine n'kuthamangira kumsika kukagula chingwe cha sipika.

Pobwerako ndawapeza akumwetulira. Nyimbo zikumvekadi bwino, sindikana. Koma zonse zimene pulogalamu inalephera kuzipezera zabwino, iwo afufuta, ndi mu bini momwe.

M'menemo munali malipenga aja ndinajambula pa foni adada asanamwalire. Aja adada akuimba lipenga amatsokomola pakati, kenako n'kukalipira wang'oma kuti akuthamanga. Ndi omwewo Tamara anapempha kuti adzalowe nawo mu holo.

Nditafunsa, alamu akuti, "Aaa, ija inali yaphokoso, alamu. Munali munthu wina akutsokomola."

Munthu wina! Apongozi awo enieni!

Kuwakalipira ndalephera, mlamu ndi mlamu. Ndangotuluka panja. Tamara pepa, ukumvera pa gulu, pakamwa zandikanika.

Nonse amene ndinakutumizirani nyimboyi nthawi ya maliro, chonde fufuzani m'mafoni anu, ngakhale akale aja munaponya m'dilowa. Nanga ikapanda kupezeka, mwanayu akalowe ndi chiyani? Tandiuzani.

Amene waipeza atumize mmene ililimu, asaikonze. Ine ndikufuna ya chifuwa yomweyo.