Thandizo Linapeza Makutu Atatseka

Alamu anga, amuna a achemwali, anali telala. Shopu yawo inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi benchi ya makasitomala yomwe mwendo umodzi unkakhalira pa njerwa. Akaweruka ankakankhira tebulo kukhoma, ife n'kudzazana mmenemo kudzaphunzira nyimbo. Sinali kwaya ya mpingo ayi. Tinali anthu otoleredwa mumsewu momwemo: amayi a mumsika, alonda awiri, wochapa zovala kuchipatala, ndi ine wophika tiyi kudepoti ya mabasi.

Nyimbo zonse ankapeka okha ndipo sankalemba paliponse. Ankati phazi likamapalasa makina, nyimbo imadzera momwemo. Madzulo ankaimbira aliyense mawu ake, a sopulano awo, ife a aluto athu, mpaka a besi. Khutu lawo linali loopsa. Munthu akaphonya pang'ono ali kumbuyo kwenikweni, iwo ankangomuloza ndi sizasi osatembenuka n'komwe, n'kunena kuti, "Bwerezani." Mawuwo anasanduka dzina lawo, moti ana a mumsewu sankadziwa lina.

Ankalakalaka chinthu chimodzi chokha, kuti nyimbozo zijambulidwe iwo akadali ndi moyo. "Ndikafa ine mudzaziimba bwino mwezi umodzi," ankatero, "kenako aliyense adzayamba kuthiramo mchere wake."

Boma linali ndi thumba lothandiza magulu a zaluso, zinenero ndi masewera, ndipo alamu ankapempha chaka ndi chaka. Chaka china anatibweza ati gulu silinalembetsedwe. Tinalembetsa. China ati tilibe akaunti kubanki. Tinatsegula. China ati ulendo uno aganizira a mpira. Alamu ankavala jekete yodzisokera okha, kukakhala pamzere tsiku lonse, kubwerako, kukoloweka jeketeyo pamsomali, n'kukhalanso pamakina. Wotukwana m'malo mwawo ndinali ine, poti iwo pakamwa pawo panalibe mawu oipa.

Zaka zikupita choncho, makutu a alamu anayamba kutseka. Achemwali ndiwo anayamba kuona, chifukwa wailesi kunyumba inkalira ngati pali msonkhano. Kenako tinaona kuti kasitomala akamalankhula, alamu ankamuyang'ana pakamwa. Chopweteka chinabwera pambuyo: mawu awo omwe anayamba kusokera. Nyimbo ankaiyamba pamalo pake, koma pofika pakati inali itatsetsereka, iwo osadziwa. Ife poti tinkaidziwa tinkangoimba zolondola, iwo n'kumagwedeza mutu poona milomo yathu. Palibe anawauza. Tinkawakonda, komanso tinkachita mantha.

Thandizo linabwera nthawi imeneyo. Kunafika mtsikana wa ku ofesi ya zachikhalidwe, waulemu wake, kudzatiuza kuti boma lilipira tsiku limodzi la mu situdiyo, galimoto ndi zimbale. Anzanga anawomba m'manja. Ine ndinamukokera panja.

"Mwanawe, sizingatheke kupatulako pang'ono tiwagulire kachipangizo ka m'khutu kaja?"

"Amayi, ndikumvetsa," iye anatero, "koma thandizoli ndi lojambulira nyimbo basi. Za makutu ndi za unduna wina. Ndipo mukapanda kujambula chaka cha boma chisanathe, libwerera."

Ndinafuna kumukalipira, koma mwana wa eni ake ankalankhula maso ali pansi. Kuchipatala nako anati mzere wa zipangizozo ndi wautali, tidikire.

Vuto linali lakuti nyimbo zambiri ankatsogolera ndi alamu, ife n'kumavomera. Tonse tinkadziwa kuti akaimba iwo, chimbale chiwonongeka, ndipo tsiku lachiwiri kunalibe. Gulu linakumana iwo kulibe, n'kundiponyera ine mtolowo. Ati inu ndinu mlamu wawo, mumasereulana. Ndinayang'ana achemwali kuti andipulumutse. Iwo anati, "Ine ndimagona nawo nyumba imodzi. Pita iwe."

Ndinapita masana, ndinapeza alamu akupinda miyendo ya thalauza la sukulu. Ndinaima patsogolo pawo kuti andione pakamwa. Mawu ngati amenewo amafunika kunong'ona, munthu utamugwira dzanja. Ine ndinachita kukuwa.

"Alamu, mawu anu akumatsika. Mukatsogolera inu, nyimbo ziwonongeka."

"Mwati bwanji?"

Ndinabwereza mokweza kuposa poyamba. Mwini sitolo ya zitsulo anasuzumira pakhomo n'kubwerera msanga. Amayi ogulitsa makala kutsidya kwa msewu anasiya kucheza. Sindinadzidepo ngati tsiku limenelo.

Alamu anachotsa phazi pamakina. "Zayamba liti?"

"Papita nthawi."

"Ndipo nonse mukudziwa."

"Tonse."

Anadula ulusi ndi mano, n'kuyala thalauzalo pamiyendo. "Mwakhala mukundilera ngati mwana," anatero. Sanakwiye, ndipo chikhala anakwiya bwenzi zitandipepukira. Kenako anati, "Atsogolere mlonda wamtali uja. Mumuuze asamameze mawu omaliza."

Tsiku lojambula anavala jekete yawo. Chipinda cha situdiyo chinali chozizira, makoma ake omatidwa masiponji, ndipo wojambula ankationera pagalasi. Alamu anaima patsogolo pathu n'kumatiwongolera ndi dzanja, milomo atatseka kuti ndii. Ndinkaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika. Pa nyimbo yomwe anapekera mwana wawo woyamba, amene anamwalira ali wakhanda, ndinalephera kuimba, ndipo tinachita kuyambiranso chifukwa cha ine.

Titamaliza, wojambula uja, osadziwa kanthu, anawaveka zomvetsera kumutu kuti mwini nyimbo avomereze. Alamu anakhala nazo mpaka nyimbo inatha, maso ali pakhoma. Kenako anavula n'kutembenukira kwa achemwali.

"Mayi, zatuluka bwanji?"

Achemwali anayandikitsa nkhope. "Ndi zomwe zija. Zomwe munkaimba kale."

"Basi," iwo anatero, n'kubweza zomvetserazo ndi manja awiri.

Zimbale zitabwera, zolembedwa kuseri kuti zatheka ndi thandizo la boma, alamu anaika wailesi yoimba zimbale pawindo la shopu, sipika italoza kumsewu. M'mawa uliwonse ankayatsa n'kukhala pamakina, nthawi ndi nthawi n'kumadzutsa mutu kuona ngati wodutsa wina waima.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza magetsi atazima msewu wonse. Wailesi inali chete. Alamu sanadziwe. Anali atasiya kusoka, atatsinzina, dzanja likumenya tebulo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda yopanda mawu. Ndinaima pakhomo kuyang'ana milomoyo mpaka ndinazindikira nyimbo yake ndi pomwe afika, ndipo ndinalowa ndi aluto yanga. Sindikudziwa kuti ndinkaimbira ndani.

Anatsegula maso n'kundiyang'ana pakamwa mpaka mzere unatha. Kenako anapukusa mutu, n'kuloza wailesi yozimayo, n'kundiuza kuti:

"Alamu, mukuthamanga. Tamverani anzanuwo."