Batire inatha a Nyirenda akadali wakuba

Pulogalamu ya pa kanema yofotokoza milandu yomwe inachitikadi yaphera mnansi wanga ntchito. Eni pulogalamuyo akuti iwo palibe chomwe analakwa.

A Nyirenda ndi kalipentala, timakhala moyandikana ku Nsungwi. Chaka chatha akuba anathyola golosale ina konkuno ku Area 25 n'kuvulaza mlonda. Apolisi anagwira a Nyirenda chifukwa ndiwo anaika chitseko cha golosaleyo. Khoti linawapeza osalakwa. Akuba enieniwo ali kundende.

Lamlungu madzulo tinadzazana kwa Mayi Chimwaza kudzaonera pulogalamu ya mlanduwu, popeza mumzere mwathu kanema ali naye ndi iwo okha. Magetsi kulibe, amagwiritsa ntchito batire ya galimoto. Ana pamkeka, akuluakulu pabenchi, ena akusuzumira pawindo. A Nyirenda anabwera atavala jekete yawo yopitira kutchalitchi. Ankati lero dziko lonse limva zoona.

Pulogalamu inayamba 7 koloko. Muulutsi anazungulira golosale mwakachetechete ngati akuperekeza maliro. Anationetsa loko. Anationetsanso loko yemweyo chapafupi. Mwini golosale anapatsidwa mpando, n'kuyamba kufotokoza momwe anayambira bizinesi ndi thumba limodzi la mchere. Za mcherezo anafunsa ndani? Kenako nkhope ya a Nyirenda, manja ali mu unyolo, ng'oma ikugunda pansipansi. Anaionetsa kanayi, ndinawerenga. Mwini golosale ankatchulidwa kuti "Bambo". A Nyirenda anali "mkulu wina wa ku Nsungwi". Mawu awo sitinawamve ngakhale amodzi.

"Abale, afulumire anthuwa," anatero Mayi Chimwaza. "Batireyi ndinatchajitsa Lachinayi."

Sanafulumire. Anabwereranso ku loko. Chithunzi chinayamba kufota m'mbali, chinachepa, ndipo nthawi ili 7:45 chinazima. Nkhope yomaliza imene tinaona inali ya a Nyirenda akukwera galimoto ya apolisi.

Wina wa pawindo anafuula kuti, "Abambo a Nyirenda, ndiye chitseko chathu chija mwasunganso kiyi wake?" Anthu anaseka. A Nyirenda anaimirira, anathokoza Mayi Chimwaza chifukwa cha malo, n'kutuluka.

Mnzanga wa ku Area 49, komwe kuli magetsi, anaonera mpaka kumapeto. Akuti zoti khoti linawamasula zinanenedwa, inde. Chiganizo chimodzi, nyimbo yotsekera ikulira kale.

Kutacha, mayi wina amene anawapatsa ntchito yoika mafelemu anabwera kudzatenga matabwa ake. Anati bambo akunyumba akuti adikire kaye. Lachiwiri kunabweranso wina. Kalipentala amagwira ntchito m'nyumba za anthu, mpaka kuchipinda. Akaleka kukhulupiriridwa, adya chiyani?

Lachitatu ndinapita ku ofesi ya okonza pulogalamuyi. Ndinafika 9 koloko, mkulu wake anandiona dzuwa lili paliwombo, akutafuna chimanga chootcha. Ndinamufunsa chifukwa chomwe anabisira chigamulo kumapeto. Anati akanena poyamba kuti munthuyo anamasulidwa, angaonere mpaka kumapeto ndani? Ndinamuuza za batire. Anaseka, amvekere batireyo si yawo. Ndinafunsa ngati anayesako kulankhula ndi a Nyirenda. Anati galimoto yawo singalowe ku Nsungwi nthawi ya mvula, matope. Golosaleyo ili pamsewu womwewo. Matope ake amasankha khomo?

Pomaliza anandiuza kuti ndisadandaule, anthu amaiwala msanga.

Ndinatuluka. Inu okonza pulogalamu, mukudziwa bwino kuti ku Nsungwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona kanema mmodzi amaonera mzere wonse, ndipo ambiri amadalira batire. Mukudziwa kuti chimene mwayamba nacho n'chimene chimafika kwa anthu. Ndiye n'chifukwa chiyani unyolo mumaupatsa nthawi yonseyo, chigamulo n'kuchiponya pa nyimbo? Akanakhala bwana wa ku Area 10, mukanamujambula chonchi osamufunsa?

Bwerani ndi kamera yanu. Muwapatse a Nyirenda mpando, alankhule okha. Ndipo muyambe pulogalamu ikubwerayi ndi mawu akuti munthuyu khoti linamupeza wosalakwa.

Chitani msanga. Dzulo ndinawapeza m'mbali mwa msewu akupala matabwa a bokosi la maliro. Anandiuza kuti ndi ntchito yokhayo yatsala imene safunika kulowa m'nyumba ya munthu.