Msomali wa m'Pulagi

Tsiku limene a Sizivuta anagwera m'beseni, pakhomo pa kachipinda kawo kositiramo zovala panali makasitomala, ndipo ambiri anali azimayi. Chingwe cha ayironi chinangoti phu! moto lawilawi, iwo n'kudumpha chafutambuyo mpaka khuvu! m'madzi a sopo, miyendo m'mwamba. Anadzuka thovu lili chuchuchu, nsidze imodzi itapserera. Mawu awo oyamba anali omwe aja anawapatsa dzina: "Sizivuta."

Bambowa anayamba kusita zovala za anthu akadali ndi tsitsi kumutu. Mzere umene amaika pa thalauza ukhoza kukucheka chala, ndipo pa ntchito imeneyo palibe amawanena. Pamene pamavuta m'pakuti amakhulupirira kuti chilichonse chochokera kufakitale anapanga ndi anthu aumbombo. Imene inkawanyansa kwambiri ndi fyuzi ya m'pulagi. Ina anaiphwanyapo ndi mwala, n'kupezamo kawaya konga tsitsi ndi timchenga.

"Mayi a mwana, tabwerani mudzaone! Akutigulitsa mchenga!"

Kuchokera pamenepo, fyuzi ikapsa ankadula msomali n'kuulowetsa m'malo mwake. Msomali supsa. Chimene chimapsa ndi china chilichonse, koma zimenezo ankati ndi tsoka chabe.

Ndiye mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anabweretsa mwamuna woti amange naye banja. Mwa amuna onse a padziko, anakasankha wamagetsi! Mkamwiniyo ataona pulagi ija anameza malovu. Apongozi sungawadzudzule ngati mnzako wa pabawo, choncho analankhula maso ali pansapato zake.

"Bambo, pepani, kawaya kaja amachita dala kukachepetsa. Magetsi akachuluka kapena mawaya akakhudzana, kamasungunuka msanga chingwe chisanayake. Mchengawo ndi wozimitsa kamoto kotsalirako."

"Ndiye kuti anthu anakhala pansi n'kupanga chinthu choti chizifa?"

"Eya, bambo."

"Sukulu zinazi!" anatero a Sizivuta, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ukwati utayandikira, mwana uja ananenetsa kuti diresi lake sasita wina aliyense koma bambo ake. Linali la nsalu yopyapyala, yoti kungoiyandikiza kandulo imakwinyika, ndipo telala anali atanena kale kuti lina sangasokenso. Mayi a mwana mtima unali m'mwamba. Chingwe chija, chipsereni pa tsiku la beseni, amuna awo anangochikulunga ndi tepi. Kukangana nawo anasiya kalekale. Mayiwo anangodikira kuti amuna awo alowe kubafa, n'kumukodola mkamwini. Pamene madzi amasiya kuwayaza, msomali unali utatuluka, fyuzi yeniyeni italowa.

M'mawa mwake a Sizivuta anayala diresi pathebulo, n'kuphimba ndi kansalu koyera pamwamba, n'kuyamba kusita akuimba mluzu. Chingwe chinkakwawa pamwamba pa diresilo uku ndi uku. Ali chapakati, panamveka kaphokoso: tsa! Kagetsi ka paayironi kanazima.

Anatsegula pulagi ndi nsonga ya mpeni. Atangoonamo, nkhope inasintha.

"Ndani wagwira pulagi yanga? Ndati ndani? M'nyumba mwanga momwe muno!"

"Ndine," anatero mayi a mwana ali pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwaona zimene mwachita? Tinthu tanu taulesiti! Msomali wanga uli kuti?"

Bambowo akufwanthula m'kabati kufunafuna pulayazi, mayiwo ananyamula chingwe kuti achichotse pa diresi, n'kuima chilili.

"Bambo a mwana, taonani apa."

Tepi ija inali itasungunuka. Mawaya awiri anali atamatirirana, akuda bii. Pakansalu kophimbira panali kadontho kopserera konga nthata. A Sizivuta anatukula kansaluko pang'onopang'ono. Pansi pake diresi linali loyera mbuu, lopanda banga.

Anakhala pa chidebe chovundikira. Anayang'ana chingwe, kuyang'ana diresi, kuyang'ananso chingwe. Kenako anapuma mpweya wautali ngati watula thumba la simenti.

"Mkamwini uja," anatero chapansipansi, "mumuuze adzabweretse tifyuzi tina tiwiri. Koma musanene kuti ndanena ndine."

Ayironi ina a Sizivuta anakabwereka kwa mayi wa saluni, amene chipinda chake n'chogundana khoma ndi chawo. Anafotokoza zonse ataima pakhomo, uku akuchepetsako zina ndi zina, mwina n'kumamveka ngati fyuziyo anaikamo okha. Mayiyo anamvetsera osasiya kuluka mutu wa kasitomala, kenako analoza ayironi ndi chipeso.

"Tengani, koma pulagi yangayo musaitsegule. Ife a khoma limodzi takhala tikugona ndi nsapato kuphazi chifukwa cha inu."