Mchere Ndi Umene Unandiulula

Ndinalakwa ine, ndinalakwa, ndipo ndikuvomera pamaso pa inu nonse owerenga. Matenda anandigogodera pakhomo, ine n'kuwayalira mphasa, n'kuwavinira chimtali, ndikumati ndi utsikana wabwerera. Miyezi isanu yathunthu ndinafungatira chinthu chimene chikanandigoneka kumanda. Koma taonani, ndilipo! Ndagwira pensulo ndi dzanja langali lonunkha usipa, ndikulemba pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira kusukulu ya kwacha. Zilembo zikapotoka mundikhululukire, nkhani yokhayi ndiye ndi yowongoka.

Ine ndine gogo wa kunyanja kuno, kufupi ndi Senga Bay. Ana ndinabereka asanu ndi awiri, zidzukulu ndinaleka kuwerenga. Ntchito yanga ndi kufutsa usipa ndi kuyanika pathandala. Komanso ndine namkungwi. Azimayi ambiri amene lero akutchedwa amayi a uje m'mudzi muno anadutsa m'manja mwangamu ali anamwali.

Mwambo uja mukuudziwa, woti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa anthu mdulo. Ine ndinauphunzitsa mwambo umenewu kwa atsikana osawerengeka. Ndipo poti kumwezi ndinasiya kalekale, zaka zoposa khumi zapitazo, wothira mchere pakhomo pathu ndinali ine. Uyu akuitana uku, uyo akuitana uko: “Agogo, dzatithirireni!” Ine ndinkapita ndikuvina, kamchere kali kumanja, ndikuimba kanyimbo kanga:

Ndabwera ine mwini mchere,
Dzanja lozizira, dzanja la mtendere!

Kulakwa kwanga koyamba ndi uku. Chaka china kunabwera anamwino, anamanga tenti pabwalo la tchalitchi chathu, nati azimayi abwere adzayezetse khansa ya khomo la chiberekero. Anzanga anandifunsa kuti, nanga anamkungwi mukuti bwanji? Ine ndinaseka mpaka duku kugwa. Ndinati zimenezo ndi za atsikana otakataka, ife nkhalamba sitolo tinatseka kale, akayezamo chiyani? Ndinaonjezanso bodza limene ndinangolitola padoko, loti akalowetsa chitsulo chao amasolola chiberekero. Inu owerenga, pakamwa pa namkungwi si pakamwa wamba. Azimayi ena amene anali atasamba kale, atavala, anabwerera panjira chifukwa cha mawu angawo.

Ndiye chaka chatha, sabata imene mwana wanga wamwamuna ananyamuka ndi asodzi anzake kupita ku chilumba cha Mbenji, ndinaona timagazi pansalu yanga. Tochepa, ngati munthu wapha udzudzu. Timagazito tinasowa, patapita masiku tinabweranso.

Munthu wanzeru akanachita mantha. Ine ayi. Ine ndinasangalala! Ndinati ehe, mwezi wandikumbukira, mtengo wouma waphukira! Mutu sunkawawa, msana sunkapweteka, nsima ndinkadya mitanda itatu, ndiye matenda akanachokera kuti? Ndinagula chitenje chatsopano chamaluwa ofiira. Ndinayamba kuyenda monyang'wa popita kumjigo. Mdala wanga, amene masiku ano sapitanso panyanja koma amangosoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, nati, “Akazi anga, kodi kwabwera mlendo m'mudzi muno woti ine sindinamuone?” Ine ndinangoseka, osaulula. Nkhalamba ingatsegule bwanji pakamwa n'kunena zoterozo? Kwa yani?

Koma panabuka vuto la mchere. Ine wophunzitsa mwambo, ndingauthyole ndekha? Ngati ndabwerera kumwezi, ndiye kuti dzanja langa latentha. Ndinayamba kuphika ndiwo zopanda mchere, mcherewo n'kuika pakambale pambali. Mdala analawa utaka, nakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo. “Kodi kunyumba kuno tasanduka chipatala?” Ndinati mchere wambiri umakweza magazi, ndinamva pawailesi. Iwo anati wailesi imeneyo aigulitsa.

Anansi akandiitana kuti ndikawathirire, ndinkati dzanja lagwidwa nyamakazi. Tsiku lina ndinkati ndasochera nawo mchere. Mabodza anandithera, mwera unayamba kuwomba, kuzizira kunafika, magazi osaleka. Anayambanso kutuluka timadzi tafungo losakhala bwino. Chitenje chamaluwa chija ndinachipinda. Pansi pamtima kanthu kanayamba kundiuza kuti utsikana sununkha chonchi, koma ndinkakakhalitsa chete ndi nyimbo.

Tsiku lina masana, mdala atakaniratu kudya, ndinaitana mpongozi wanga Nambewe, mkazi wa mwana wanga wa ku Mbenji uja. Ndinamunong'oneza kuti andithirire mchere mu mphika wa nsomba za mcheni. Anathira, navundikira, koma sanachoke. Anagwada pakhomo pa khitchini, maso pansi, monga ndinamuphunzitsira.

“Amayi, mundikhululukire. Chibwerere pamudzi pano, mchere mumandithirira ndinu. Lero zatembenuka bwanji?”

Ndinayesa kuseka. Ndinati mwana wanga, apongozi ako abwerera utsikana, konzeka kulera mlamu wako wakhanda. Nambewe sanaseke. Anafunsa kuti zinayamba liti. Nditamuuza, anawerenga miyezi pazala. Anati kusikelo, popita ndi mwana, anamwino amanena kawirikawiri kuti mayi amene anasiya kumwezi akaonanso magazi, umenewo si mwezi, ndi belu. Anati mawa m'mawa tipita kuchipatala, ndipo mukakana ndikauza abambo pamtengo wa mango paja, mokweza, asodzi onse akumva.

Taonani mpongozi kuopseza apongozi! Ndinapita. Tinakwera kabaza, iye wake, ine wanga, ndikudandaula njira yonse.

Titafika kuchipatala chathu chaching'ono, ndinalowa m'kachipinda koyezera, n'kupeza namwino wake ndi ndani? Mtsikana amene ndinamulanga ndekha ali namwali, amene ankalira mamina tuu tsiku lometa! Ndinatembenuka kuti ndithawe. Ine kuvula pamaso pa mwana wa m'manja mwanga? Malaulo! Iye anatseka chitseko, nandigwira dzanja, akumwetulira.

“Anamkungwi, inu munandivula ine ndikulira, munati ndi za ubwino wanga. Lero ndi tsiku langa. Kwerani pabedi.”

Inu owerenga, ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndikuseka choncho ndinapezeka ndakwera. Anandifunda nsalu bwinobwino, ulemu wonse. Chitsulo chija ndinkaopseza nacho anthu ndinachiona ndi maso anga: kanthu kakang'ono, kooneka ngati mlomo wa bakha. Sikasolola kanthu, kamangotsegula njira kuti aone ndi tochi. Kuzizira kokha, kupweteka ayi. Anandiuza kuti ena amawapaka vinega, malo odwala n'kuyera, koma kwa ine sanafunikirenso vinega. Kachilonda kanali kuonekera poyera pakhomo la chiberekero.

Nditavala, anandikhazika pampando. Sanandinamize, sanandiopsezenso. Anati maso okha sangagamule mlandu, akunditumiza kuchipatala chachikulu ku boma kuti akadule kanyama kakang'ono pachilondapo, akakayeze.

Ku Salima boma anadula kanyamako. Kuchepa kwake ngati diso la usipa. Kunali ngati kutsinidwa kamodzi, basi. Anakaika m'kabotolo, nalemba dzina langa, nati kapita kwa akatswiri oyang'ana ndi makina okuza zinthu, ndidikire. Ine ndinati kanyama kanga kakwera galimoto kupita kutauni, mwini wake ndikubwerera kumudzi pa minibasi!

Koma kudikira, abale, kudikira! Masabata amenewo nyimbo zinandithawa. Ndinkayanika usipa ndikuyang'ana zidzukulu, ndikumati kodi uyu ndidzamuona akukwatiwa? Mdala ndinawauza zonse. Anaika pansi singano yosokera ukonde. Kenaka anati, “Ndiye miyezi yonseyi ndadya utaka wozizira chifukwa cha zimenezi? Mukanandiuza, ndikanathira ndekha mcherewo mumphika, inu n'kukuberekani kumsana mpaka kuchipatala.” Anatembenukira kumbali, akuti m'maso mwalowa mchenga.

Zotsatira zinabwera. Khansa. Dzina limenelo likamveka, m'makutu mumalira ngati mwalowa madzi. Nambewe anandigwira phewa. Adokotala anati tisafulumire kulira, funso lalikulu latsala: kodi yakhala pamalo amodzi, kapena yayenda? Kuti adziwe, anatitumiza ku Lilongwe akandiunike m'kati.

Ku Lilongwe ndiye ndinaona zodabwitsa. Anandigoneka, nandipaka pamimba zoterera zozizira ngati therere la dzulo. Anayendetsa kachipangizo pamimbapo, uku akuyang'ana pakanema. Akuti imeneyo ndi sikani. Ndinadzutsa mutu kuti nanenso ndione. Zakuda ndi zotuwa zokhazokha, ngati mitambo ya mvula. Ndinafunsa kuti, m'menemo ndi m'mene munagona ana anga asanu ndi awiri? Anati eya agogo, nyumba yake ndi imeneyi. Ndinaiwombera m'manja! Anajambulanso chifuwa ndi ekisire, anatenga magazi, anandilowetsanso m'chimakina china chozungulira ngati mgolo, nati ndisapume pang'ono. Ine m'katimo ndinkaimba chamumtima kuti mantha asandipeze.

Tsiku lotiuza, adokotala anali mayi wamtali, wosathamanga polankhula. Anayala zithunzi zija, nati khansa yanu ili pakhomo pomwepo, sinalowe m'chikhodzodzo, sinafike m'mapapo. Tikhoza kuichotsa pamodzi ndi chiberekero. Kenaka anandiloza ndi cholembera, nati, “Koma agogo, mwapulumukira pakamwa pa ng'ona. Mukanachedwanso, bwenzi tikukamba nkhani ina. Ndipo mukanayezetsa kale, mwina bwenzi tinazipeza zisanasanduke khansa, n'kuthana nazo tsiku lomwelo popanda mpeni.”

Mawu amenewo anandilasa. Ndinakumbukira tenti ija pabwalo la tchalitchi, ndi duku langa likugwa ndi phwete.

Opaleshoni inachitika. Atandipatsa mankhwala ogonetsa, ndinagona ndikuwerenga manambala, ndinadzuka ndikufunsa phala. Chiberekero ndinachitsanzika mwaulemu, ndinati wagwira ntchito mnzanga, pita ukapume. Sabata ndi masiku ndinali m'chipatala, Nambewe akugona pansi pambali pa bedi langa, ndipo pofika tsiku lachisanu azimayi a m'chipinda chonse anali akuyankha nyimbo zanga, mpaka anamwino kutiletsa kuti tingang'ambe ulusi. Mpaka lero ndimapitabe masiku amene anandilembera m'kabuku kuti akandione, ndipo sindiphonya. Ulendo uliwonse amati zili bwino.

Nditachira, ndinachita chinthu chovuta kuposa opaleshoni. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa azimayi aja ndinawabweza panjira. Ndinagwada, ine namkungwi, n'kuwauza kuti ndinakunamizani. Ena anaseka, ena anandikalipira, ndipo anali ndi chifukwa. Anamwino atabweranso ndi tenti, amene anatsogolera mzere ndi ng'oma anali ine. Awiri mwa azimayiwo anawapeza ndi timawanga toyera, anawathandiza, lero ali kumunda. Koma mmodzi amene anabwerera chifukwa cha ine tsiku lija anasamuka ndi banja lake, sindidziwa kumene ali. Ameneyo ndiye amandikhalabe pamtima. Mwanawe, ngati ukuwerenga, nkhalamba ija inanama, pita ukayezetse.

Tsono tamverani, inu owerenga, ndikuuzeni ndi mtima wonse. Azimayi anzanga amene munasiya kumwezi, mukaona magazi, kaya kadontho, musavine ngati ine. Mwezi ukapita wapita, subwerera. Musadikire ululu, ine sindinamve ululu ngakhale tsiku limodzi. Atsikana ndi amayi apakati, anamwino akaitana pitani mudakali bwinobwino, chifukwa chinthuchi chimayamba mwakachetechete ngati chiswe mumtanda wa denga. Manyazi asiyeni panja pamodzi ndi nsapato. Wokuyezani akhale mwana wa dzulo, akhale mdzukulu wanu, maso ake anaphunzira zimene ife sitinaphunzire. Anamkungwi anzanga, pakamwa pathu pamalemera, tisamatole nkhani padoko n'kukazithira m'makutu mwa ana. Ine tsopano polanga namwali ndimaonjezapo mwambo watsopano: ukadzakula uzikayezetsa. Inu azibambo, ndiwo zikasintha kakomedwe musamangodandaula, funsani bwino chimene chavuta. Ndipo inu apongozi aang'ono, mukaona chachilendo kwa amayi, gwadani ndithu mwaulemu, koma funsani. Ine ndili moyo chifukwa mwana wa eni anafunsa.

Ndalemba zambiri, pensulo yafupika, zala zachita dzanzi. Komanso ndikumva Nambewe akuitana kukhitchini kwake, mphika wa chambo wawira. Mdala nawo akukuwa pamtengo wa mango kuti lero asapatsidwenso za kuchipatala. Ndatenga kale kamchere kumanja. Ndisiyeni ndipite ndikuvina:

Ndabwera ine mwini mchere,
Manda anandiitana, ndinati dikirani,
Ndiwo za ana anga sizinathiridwe!