Mfuti Yozizira ya Ababa

Amuna ena amaweta nkhunda, ena mbuzi. Ababa ankaweta mfuti. Anali nazo zitatu, zonse zakalekale, zotsala ku nkhondo zimene iwo sanamenyeko. Imodzi inali gogodera wadzimbiri woti ngakhale nkhuku sinkamuopa. Ina zipolopolo zake zinasiya kupezeka ine ndisanabadwe. Yachitatu ndiyo inali mwana wapamtima: yaitali, ya thabwa lofiirira, imene agogo anabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya azungu. Chiphaso chake ankakachikonzetsa ku boma chaka ndi chaka osaphonya, denga la khitchini yathu likudontha.

Kwawo kunali kwa Nsamala, koma ankakhala chikamwini kwathu kwa Chikweo. Munda unali wa amayi, nyumba inali pamalo a amayi, ife ana mwini wathu anali malume. Chawochawo chinali mfutizo. Lero ndimawamvera chisoni, koma nthawi imeneyo ankanditopetsa kwabasi. Loweruka lililonse ankayala mphasa pakhonde, n'kuzigoneka bwinobwino, n'kumazipukuta ndi mafuta a makina osokera a amayi. Ife miyendo ili mbuu, mfuti zili waliwali.

Pa Khirisimasi ankatulutsa yokondedwayo n'kuwombera mlambe wa kumunda. Mlambe ndi mtengo woti ngakhale wakhungu sangauphonye, koma ababa ankabwerera kunyumba akuyenda ngati apha mkango. Anthu ankawaombera m'manja poti zoonera zaulere sizikanidwa.

Mfutiyo inali ndi malamulo kuposa tchalitchi. Mkazi asaikhudze, asailumphe, asasese pansi pake. Lalikulu linali ili: mfuti imamva. Mkazi wa mwini wake akayenda njira zokhota ndi mwamuna wina, mfuti imazizira, siilira. Ababa ankanena zimenezi akuyang'ana amayi. Amayi ankangopitiriza kusenda chinangwa.

Mavuto anayamba malume, mlongo wawo wa amayi, atadula kachigawo ka munda wathu kupatsa mdzukulu wina. Ababa anali a mtima wapachala, ndipo akalawa kachasu chalacho chinkafupika. Mkanganowo unayamba Khirisimasi itangodutsa, n'kutenga dzinja lonse. Tsiku lina masana, ine ndili kale ndi mwana kumsana, anakumana pamalire. Malume anati, "Alamu, inu pano munabwera ndi chikwama chokha." Ababa anathamangira kunyumba n'kubwerera ndi mfuti yokondedwa ija. Anailoza pachifuwa pa malume, nakhethemula.

Inangoti kha. Anaikoka, nakhethemulanso. Kha. Malume analowa m'chinangwa liwiro la mtondo wadooka, patapata mmodzi n'kutsala pamzere.

Munthu wina akanagwada pomwepo kuthokoza Mulungu. Ababa anatembenukira amayi.

"Mfuti iyi yazizira. Amake ana, tandiuzani, ndi ndani?"

Ankhoswe anaitanidwa. Nkhani yoti munthu anatsala pang'ono kuphedwa inatha ndi nkhuku imodzi yopepesera. Mlandu weniweni, umene unakhalitsa akuluakulu pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka, unali wa amayi. Mboni inali mfuti, ndipo mfuti sinama. Amayi anangoti, "Iyayi, ine za mfuti sindizidziwa. Ndine mkazi, sindiikhudza."

Mudzi wathu sukonda mlandu wopanda mwini. Ena anati ndi wogulitsa usipa wa panjinga uja, ena anati ndi mphunzitsi. Amayi akafika pamjigo, nkhani zinkaduka. Kukwaya anawauza kuti ayambe apuma. Ine ndinkapsa mtima ndi kukhala chete kwawoko. Ndinkafuna akalipe, alumbire, aswe mbale. Iwo ankangolima.

Banja silinathe, poti ababa kwa Nsamala akanakadya chiyani? Anapitiriza kupukuta mfuti zawo. Khirisimasi iliyonse ankapita kumlambe ndi chikhulupiriro chatsopano, n'kubwerako ndi kha yemweyo. Ankadutsa amayi akupukusa mutu ngati wansembe wokhumudwa. Komabe akabwera kumunda atabayidwa, ankakhala pampando n'kutambasulira mkazi wochimwayo phazi. Amayi ankamasula mfundo ya chitenje, kutulutsa singano yawo yaikulu yachitsulo, n'kuwazula minga mwakachetechete.

Ababa anamwalira asanawakhululukire tchimo limene anawapangira okha. Titamaliza zamaliro, tinagwirizana zokapereka mfutizo ku polisi. Mmawa wake ndikuzikulunga m'thumba, amayi anali pakhonde, tsitsi lili mbee, akuzula munga kuphazi kwa mwana wanga wamng'ono.

"Amayi," ndinatero, "mwini wake wapita. Chinaziziritsa mfuti iyi n'chiyani?"

Anapukuta singano ija pachitenje n'kundipatsa. Ndinali nditaiona moyo wanga wonse wauchembere, koma tsiku limenelo m'pamene ndinaiyang'ana. Inalibe diso lolowetsera ulusi.

"Kamene kamabaya chipolopolo kuti chilire ndi kameneka," anatero. "Mkangano wa munda utangoyamba, abambo ako anapita kumaliro kwa Nsamala. Ndinaikulunga mfutiyo mumphasa, kupita nayo kwa mkulu uja ankakonza njinga. Anachotsa, ine n'kudzanola pamwala. Anafa osauza munthu, Mulungu amusunge."

Ndinakhala pansi. Ndinamva manyazi m'malo mwa mudzi wonse, ndi ukali umene ndinalibe woupatsa.

"Ndiye zaka zonsezi, anthu akukunenani, osanena bwanji?"

"Ndinene kuti akaikemo kena? Iwe abambo ako sunawadziwe? Dzina loipa ndimadzuka nalo, kulima nalo. Mlongo wanga akanakhala kumanda, abambo ako kundende, inu mukanatani?"

Anandilanda singanoyo, nakokanso phazi la mwana uja.

"Mfutizo kapereke, koma aka katsale. Abambo ako ankakakonda. Ankati m'mudzi muno mulibe singano yozula minga ngati imeneyi."