Galimoto Imene Ndinagula Osanenerera

Ine ndinakulira mu msika wa Limbe, pa benchi ya amalume anga yogulitsa masipeyala a galimoto, ndipo sukulu yokhayo imene ndinakhoza bwino ndi ya kunenerera mtengo. Amalume ankati chinthu ukachikonda, nkhope yako isadziwe. Uchinyoze: ikakhala nsapato unene kuti yapendama chidendene, ikakhala mbuzi unene kuti ikutsokomola. Ukatha kunyoza, tembenuka uzipita, osathamanga, osacheuka, ukuwerenga mapazi chamumtima. Wogulitsa weniweni sangakulole kudutsa phazi lachisanu ndi chiwiri asanakuwe kuti, "Bwerani bwana, tikambirane!"

Nzeru zimenezi ndinakwera nazo ndege pamene ndinatsatira akazi anga ku England. Iwo ndi namwino, anatsogola kukagwira ntchito pachipatala cha boma. Ine ndinabwera pambuyo ndi ana athu awiri, n'kupeza ntchito yonyamula makatoni ku weyahausi ina ku Oldbury. Tinkakhala ku Whitmore Reans, m'nyumba zija zogundizana ngati mano a chipeso. Loweruka lililonse ndinkapita ku msika wa Bilston, kumene ndinkanenerera ngakhale kabichi. Akazi anga ankaima patali n'kumagwiragwira makatani a pa benchi ina ngati sakundidziwa.

Galimotoyo ndinaiona ndili pamwamba pa basi, tsiku limene kagalimoto kathu kanapita ku shifiti ndi akazi anga. Inali itaima pakhomo pa nyumba ina kuseri kwa msika, pagalasi pali pepala la mtengo. Ndinatsika pa siteji yosakhala yanga.

Inali ya ku America, yopangidwa m'zaka zija ine ndikuyenda ndi kabudula wa zigamba. Mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Chokongoletsa chilichonse inalibe. Kutsogolo boneti yaitali ndi yafulati ngati tebulo la pa ukwati, pakati bokosi la anthu, kumbuyo buti yoti mbuzi zinayi zingagonemo osakankhana. Magalimoto ena onse a mumsewu anali ozungulira ngati sopo wotsala pang'ono kutha, koma iyi inali ngati munthu waijambula ndi rula.

Ndinaizindikira, ngakhale ndinali ndisanaionepo. Tili ana ku Bangwe tinkapinda magalimoto a mawaya, ndipo waya amadziwa makona basi. Galimoto iliyonse imene ndinapinda inkatuluka chonchi: mphuno yaitali, denga lowongoka, matako a makona anayi. Tsono nayi inali itaima pamaso panga, itakula, ili ndi zitseko zenizeni.

"Mukufuna kutigulira bokosi la maliro?" anatero akazi anga nditapita nawo kukaiona chapatali.

"Mayi, ganizirani za apongozi," ndinatero. Amayi awo anali kubwera kumapeto kwa mwezi kudzaona khanda lathu lachitatu. "Tikhala anthu sikisi. M'kagalimoto kathu kaja sitikwana, ndipo ngakhale titakwana, mawondo a apongozi azindigunda kumsana. Ine ndinaleredwa. Umu muli benchi kutsogolo, benchi kumbuyo. Iwo pakona iyo, ine pakona iyi, pakati pathu mtunda wa ulemu."

"Ndiye petulo tizigula ndi ulemuwo?"

Ndinawanenerera masiku atatu mpaka anatopa. "Chitani zimene mukudziwa, bambo. Koma ku eyapoti musakandichititse manyazi."

Ndiye ine, katswiri, ndinagulitsa kagalimoto kathu kwa m'bale wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye, ndisanagwire n'komwe chitseko cha inayo. Akazi anga anayamba kupita ku shifiti pa basi. Apongozi anali atatsala ndi milungu iwiri.

Mwini wake anali mzungu wokalamba, wamtali, wowonda, wa juzi ya mabatani ndi magalasi okhuthala. Chingerezi chake chinali cha kuchigawo komweko, chimene ine ndinkatolapo theka. Anavundukula lona imene anali ataifunditsa tsikulo pang'onopang'ono, napukuta chogwirira chitseko ndi mkono wa juzi asanandilole kutsegula. Chiwongolero chinali kumanzere. Nditakhala pa benchi ija ndinamira ngati pa sofa ya abusa. Analiza injini, ndipo inalankhula pansipansi, ngati munthu wamkulu amene sasowa kukweza mawu kuti amumvere.

Mtima wanga unkavina, koma nkhope inali ya pa maliro. Ndinatuluka, n'kumenya tayala ndi phazi.

"Bambo," ndinatero, "iyi si galimoto, ndi mbiya yobooka ya petulo. Chiwongolero chili mbali yolakwika. Pansi pa penti apa pabisala dzimbiri, ine ndikulimva fungo. Wina aliyense angoigula kuti akaiphwasule, agulitse zitsulo. Ine ndabwera kudzakuthandizani."

Ndinatchula theka la mtengo wa papepala.

Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anazimitsa injini n'kuika kiyi m'thumba. Ine mumtima ndinati, wakodwa ameneyu. Ndinatembenuka n'kuyamba ulendo wanga wa nthawi zonse.

Phazi lachitatu, zii. Lachisanu, zii. Lachisanu ndi chiwiri ndinaliponda mofatsa, makutu ali kumbuyo. Zii. Pa lakhumi ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Chimene ndinamva ndi lona ikukhwekhwereza. Nditafika pa geti ndinaswa lamulo la amalume, ndinacheuka. Mkulu uja anali kupinda lona pansi pa bampala, monga mayi amafunditsira mwana bulangeti. Atatha analowa m'nyumba natseka chitseko.

M'mawa mwake pepala la mtengo panalibe. Ndinagogoda.

"Ndilipira mtengo wonse," ndinatero chitseko chitangotseguka.

"Ndamva," anayankha. "Koma si ya inu."

Akazi anga anaseka mpaka khanda linadzuka. Atapukuta misozi anati, "Nkhalamba zimenezi ine ndimakhala nazo mu wodi tsiku ndi tsiku. Munthu uja sakugulitsa galimoto, akukwatitsa mwana. Inu mwapita kukafunsira mbeta, n'kuyamba kuuza bambo ake kuti mwana wawo ndi wa matewe, ndipo mukumutenga mongowathandiza."

"Ndiye nditani?"

"Kwanu munthu akalakwira wamkulu amatani?"

"Amagwira nkhuku."

"Nanga mukundifunsiranji?"

Ndinayesa akuseka, koma anali atatembenuka kale kukasita yunifolomu. Ndinakhala masiku awiri ndikuyang'ana magalimoto ena m'nyuzipepala, onse ozungulira, onse ofanana. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, amatero akuluakulu. Wanga unali kundidikira ku Bilston.

Loweruka ndinalowa mu msika kukafuna nkhuku. Yamoyo kulibe kumeneko, ndiye ndinagula yosolasola, yaikulu kuposa zonse. Mulungu andikhululukire, nkhuku ya chipepesoyo ndinainenerera.

Mkulu uja atatsegula chitseko anandipeza nditanjuta pakhomo pake, chipewa chili pa bondo, jumbo ya nkhuku ili m'manja awiri.

"Mwendo wavuta?" anafunsa.

"Ayi bambo. Ndabwera kudzapepesa. Kwathu munthu akalakwira wamkulu salankhula ataimirira, ndiponso sabwera chimanjamanja. Inayenera kukhala yamoyo, koma kuno mukudziwa nokha."

Makatani a nyumba yoyandikana anagwedezeka. Mkuluyo anayang'ana nkhuku, nayang'ana ine, nayang'ananso nkhuku.

"Dzukani, simentiyo ndi yozizira," anatero. "Ketulo yangowira kumene."

M'khitchini mwake, pamwamba pa firiji, munali chithunzi cha mayi wa duku atatsamira boneti ya galimoto ija, akuseka dzuwa lili m'maso. Mkuluyo anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndizimva. Anagwira ntchito ku fakitale yosungunula zitsulo mpaka inatsekedwa. Galimotoyo anaigula kwa msilikali wa ku America amene ankabwerera kwawo. Chilimwe chilichonse ankapita nayo ku gombe ku Wales, mkazi wake atagona pa benchi ya kutsogolo, nsapato atavula. Mayiwo anamwalira, kenako maso ake anayamba kuchita nkhungu, dokotala n'kumuletsa kuyendetsa. Amene anabwera kudzaiona ena ankafuna kukaiphwanya ku mipikisano yogundanitsa magalimoto akale, wina ankafuna kuijambula malawi a moto m'mbali.

"Onsewo ndinawabweza," anatero. "Kenako kunabwera inu, n'kuimenya theche."

Ndinamufotokozera za msika wa Limbe, za amalume, za kunyoza chimene ukuchifuna, ndi za mapazi.

"Ndiye mumadikira kuti ndikuthamangireni?"

"Pa phazi lachisanu ndi chiwiri, bambo."

"Ndinakuonani mukumanga chingwe cha nsapato," anatero akuthira shuga. "Maso anga ndi oipa, koma nsapato zanu zija zinalibe zingwe."

Apo ndinadziwa kuti zida zanga zonse zatha. Ndinachita chimene sindinachitepo pamaso pa wogulitsa chibadwire: ndinanena zoona. Ndinamuuza kuti galimoto yake ndinaikonda ndili pamwamba pa basi, kuti ndagulitsa kale yathu, kuti apongozi akubwera ndipo ndilibe chowatengera. Ndinamuuzanso za magalimoto a mawaya. Izi sanazimvetse, ndiye ndinapempha hang'ala ya waya ndi pulayala. Zala zinali zitaiwala pang'ono, koma tiyi asanazizire ndinali nditapinda mbali imodzi: mphuno yaitali, denga lowongoka, buti ya makona. Anaitenga, naiyandikitsa kumaso, naitsatira ndi chala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Anthu amati ndi yosakongola," anatero. "Ine ndinagwira zitsulo moyo wanga wonse. Mzere wowongoka ndiye wovuta, chifukwa ukalakwitsa palibe pobisa."

Anaimika kawayako pambali pa chithunzi chija. Kenako anatulutsa kiyi m'thumba la juzi naiika patebulo, dzanja lake lili pamwamba pake.

"Mtengo ndi womwe unali papepala."

Mawu akuti "tichotsereni pang'ono" anakwera okha mpaka kuseri kwa mano. Ndinawameza ndi tiyi. Ndinati chabwino. Koma chizolowezi ndi matenda, ndipo pakamwa panga panapeza njira ina.

"Kungoti kwathu wogula amapatsidwa basela," ndinatero, n'kufotokoza kuti ndi kakang'ono kowonjezera pamwamba, kuti anthu asiyane mitima ili bwino.

"Mwambo wabwino umenewo," anatero mkuluyo. "Ndiye baselayo mundipatse inu. Lamulungu limodzi pa mwezi muzibwera kudzanditenga. Zaka zonsezi sindinakhalepo mbali imene ankakhala mkazi wanga. Ndikufuna ndione zimene ankaona."

Anachotsa dzanja pa kiyi.

Mumsewu wathu wa ku Whitmore Reans galimotoyo inkadya malo a magalimoto awiri, ndipo aneba anatenga nthawi kuti andikhululukire. Mwana wanga wamkulu anafunsa m'Chingerezi ngati ndingamamutsitse pakona, osati pa geti ya sukulu. Pa mageti olipirira malo oimika, makina ankakhala mbali ya akazi anga, ndiye iwo ndi amene ankatambasula mkono, akundiyang'ana cham'mbali. Petulo inkamwa monga ndinainenera, pa chimenecho sindinaname.

Tsiku la apongozi tinafika ku eyapoti ya Birmingham nthawi yabwino. Masutikesi awo awiri, thumba la ufa ndi katoni ya nyemba zinalowa m'buti n'kutsalanso malo. Iwo anakhala pakona ya kumbuyo kumanja, ine pakona ya kutsogolo kumanzere, ndipo mtunda wa ulemu uja unalipo wonse monga ndinalonjezera. Tsono apongozi anga ndi mayi wa geni, amene anakhala zaka zambiri akupikulitsa nyemba pa msika wa Lunzu. Anayang'ana denga, nagogoda chitseko ndi chala. Monga mwa mwambo sanalankhule kwa ine, anadzera kwa mwana wawo.

"Tawafunsa bambo a kunowa, pa mtengo anachotsetsapo zingati?"

Akazi anga sanandifunse n'komwe. "Sanachotsetse, amayi. Analipira wonse, n'kuwonjezerapo nkhuku, ndiye alembedwanso udalaivala wa Lamulungu wopanda malipiro."

Injini inkang'ung'udza pansipansi. Tinadutsa malaundabauti awiri.

"Kuno kumazizira kwambiri eti," anatero apongozi pamapeto pake. "Kumalowa mpaka m'mutu."

Ine maso anali pa msewu, kumapeto kwa boneti yaitali ija. Patapita kanthawi ndinasuzumira pagalasi. Kutali kumbuyoko, apongozi anali atavula nsapato, atapinda miyendo pa benchi, chitenje chili pa mapewa. Tisanafike ku Oldbury anali atagona. Ndinachepetsa liwiro, ndipo magalimoto ozungulira aja anatipitirira onse.